Kuchira khansa si kutsanzikana ndi chipatala

M'bale wathu akabwerako ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central atauzidwa kuti khansa yagonja, timati Alhamdulillah, timachita dua, kenako aliyense n'kubwerera ku zake. Kuthokoza n'koyenera. Chotidetsa nkhawa n'chakuti ochira ambiri sadziwa kuti mankhwala amene anawapulumutsa amatha kuvulaza mtima ndi mafupa, vuto n'kudzaonekera patapita zaka.

Doxorubicin, amene amaperekedwa pa khansa ya m'mawere ndi mitundu ina, amatha kufooketsa minofu ya mtima. Radiotherapy ya pachifuwa nayo imakhudza mtima. Mayi wolandira radiotherapy ya khansa ya khomo la chiberekero amasiya kusamba nthawi isanakwane, ndipo mafupa ake amayamba kuphwepheka chifukwa chosowa estrogen. Bambo wobayidwa jakisoni wotsitsa mahomoni pa khansa ya prostate ali pa chiopsezo chomwecho.

Sitikunena kuti munthu akane mankhwala. Khansa yosathandizidwa imapha. Tikunena kuti wochira akhale tcheru. Akayamba kubanika poyenda kupita ku mzikiti, mapazi akamatupa, msana ukamabaya pa ruku, fupa likathyoka pongogwa pang'ono, tisathamangire kunena kuti ndi ukalamba, kapena kuloza chala anansi. Apite kuchipatala, ndipo akanene kuti anadwalapo khansa.

Thupi ndi amana imene Allah anatisungitsa, ndipo tidzafunsidwa za kasungidwe kake. Tawakkul yoona imayendera limodzi ndi kuchitapo kanthu. Choncho wochira afunse dokotala maina a mankhwala amene analandira, alembedwe m'buku lake la kuchipatala, bukulo alisunge ngati chikalata cha malo. Aziyezetsa mtima, kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Asiye fodya, aziyenda, azidya usipa ndi matemba pamodzi ndi minga yake, mkaka ndi ndiwo zamasamba. Ramadan ikayandikira afunse kaye dokotala, pakuti Sharia inapeputsira wodwala pa kusala, ndipo inamulola kuswali atakhala pansi.

Ifenso masheikh tili ndi gawo lathu. Nkhaniyi ilowe mu khutba ya Ijumaa ndi m'misonkhano ya amayi. Makomiti a mizikiti akumbukire kuti wochira wosauka amafunabe ndalama yoyendera kukaonana ndi dokotala, ndipo zakaat ndi sadaka zingathe kumufikitsako.

Allah achiritse odwala athu, ndipo ochira awasungire mtima ndi mafupa awo. Ameen.