Ma shock sasenza katundu: tiganizireko okhala kumbuyo kwa vaneti

Mwezi watha ndinali kudikira mnzanga m'sitolo ina ya masipeya mu Chipata pamene munalowa mkulu wina, mlimi ngati ife tomwe. Anauza wogulitsa kuti, "Mwana wanga, ndipatse ma shock olimba kupambana onse. Caka cino ndifuna vaneti yanga izinyamula masaka 30 a cimanga osakhala pansi." Mnyamatayo sanatsutse. Anatsitsa bokosi lodula kwambiri, mkuluyo analipira, nacoka ali wokondwa. Ine ndinakhala cete poopa kulowerera malonda a eni, ndipo kufikira lero ndidziimba mlandu. Ndico cifukwa ndalemba nkhaniyi.

Abale ndi alongo, mau anga ndi awa: ma shock absorber sasenza katundu. Amene agula ma shock olimba kuti aonjezere masaka wataya ndalama zake, ndipo wagulira zowawa anthu amene akhala kumbuyo kwa vaneti yake. Shock yabwino ndi imene igwirizana ndi galimoto yanu, mseu wanu ndi nchito imene galimotoyo igwira masiku ambiri.

Tiyambe ndi kumvetsa nchito ya cipangizoci. Cimene cisenza kulemera kwa galimoto ndi katundu wake ndi masipiring'i. Kumbuyo kwa vaneti zambiri, monga Toyota Hilux, Isuzu, Nissan Hardbody ndi Ford Ranger, kuli masipiring'i a zitsulo zazitali zosanjikizana. Kutsogolo, zambiri zakale ziri ndi mtanda wacitsulo wopotoka umene amakanika acha torsion bar, pamene zatsopano ziri ndi masipiring'i okulungika. Sipiring'i ikapanikizika pa bampu imabweza, ndipo ikasiyidwa yokha imapitiriza kudumpha. Shock ndiyo iletsa kudumphako. Mkati mwake muli oilo ndi pisitoni ya tiziboo ting'onoting'ono. Gudumu likakwera kapena kutsika, oilo amakakamizidwa kupyola m'tizibooto, mphamvu ya kudumpha niisanduka kutentha. Mukagwira shock mutayenda mtunda wautali pa mseu wa dothi mudzapeza kuti yatentha. Imeneyo ndiyo nchito yake yonse.

Tsono taonani masamu a mkulu uja. Vaneti zambiri za kabini imodzi anazipanga kuti zinyamule pafupifupi makilogalamu 1,000, kuwerengera pamodzi ndi dalaivala ndi onse okwera. Amenewo ndi masaka 20 a makilogalamu 50, popanda munthu ngakhale mmodzi wokhala pamwamba. Za kabini ziwiri kawirikawiri zinyamula zocepera pamenepo. Masaka 30 ndi makilogalamu 1,500. Ngakhale mumange shock yodula bwanji, masipiring'i adzagona, cheseshi idzagunda pa mphira zake, matayala adzatentha, ndipo mabuleki adzacedwa kugwira potsika mapiri a ku Luangwa. Vaneti ikakhala pansi kumbuyo ndi katundu woyenera, odwala ndi masipiring'i, ndipo ndalama zipite kumeneko.

Wina adzati, nanga cavuta nciani ngati ndamanga zolimba, si ndiye kuti zidzakhala nthawi yaitali? Cavuta ndi cakuti vaneti ya mlimi siikhala yodzaza caka conse. Imadzaza pa nthawi yotuta fataleza ndi pa nthawi yopereka cimanga, soya, nshawa ndi thonje ku msika. Miyezi ina yonse inyamula anthu. Kwathu kumidzi vaneti ndiyo basi, ndiyo ambulansi, ndiyonso iperekeza maliro. Masipiring'i akumbuyo ndi olimba kale cifukwa anawapangira katundu. Mukaonjezerapo shock youma, galimoto yopanda katundu imagunda ngati ngolo ya ng'ombe, ndipo amene amva kuwawa si dalaivala wokhala pa mpando wa thonje ai.

Izi ndinaziona ndi maso anga. Usiku wina anandidzutsa kuti ndiperekeze mai wina wacikulire amene anathyoka mwendo wa m'ciuno atagwa pa citsime. Tinamgoneka pa matiresi kumbuyo kwa vaneti ya mnansi wathu, imene inali itangomangidwa ma shock a katundu wolemera. Kucokera kumudzi kukafika pa tara ndi makilomita osakwana 30, koma tinayenda maola awiri. Bampu iriyonse maiyo anali kukuwa, ndipo mwana wake anali kumenya pa denga la kabini kupempha dalaivala kuti acepetse liwiro limene linali locepa kale. Mwini galimoto ndi munthu wacifundo, sanalipiritse ngakhale ngwee imodzi. Anangonamizidwa kuti couma ndiye colimba. Kuyambira tsikulo sindivomera munthu akati kuyenda mofewa ndi nkhani ya anthu a m'tauni okonda zabwino.

Koma pali mbali inanso, ya aja amene sasintha ma shock konse, amene amati malinga injini ilira galimoto iri bwino. Awanso alakwa. Shock ikatha, tayala limadumphadumpha m'malo mogwira pansi. Tayala limene liri m'mwamba silimva buleki ndiponso silimva siteling'i. Pa mseu uja wa timabampu tondondozana ngati malata a denga, kumbuyo kwa vaneti kumayamba kuthawira m'mbali, ndipo pa kona ya miyala galimoto ikhoza kutembenuzika pamodzi ndi anthu ake. Mtunda woimira ukatsika buleki umatalikanso, ndipo mwana kapena mbuzi ikadumpha mseu, mapazi ocepa amenewo ndiwo asiyanitsa kudzidzimuka ndi maliro. Pepala la fitness la RTSA likamba za tsiku limene galimoto inapimidwa. Zimene zicitika miyezi yotsatira ziri m'manja mwa mwini.

Kodi mungadziwe bwanji kuti ma shock atha? Gwadani muyang'ane. Ngati oilo ayenderera pa thupi la shock ndipo fumbi lamatirira ngati matope, yatha. Kunyowa pang'ono cabe pamwamba sikuopsa. Papasani tayala ndi dzanja: likadyeka mwa zigambazigamba mozungulira, ndiye kuti lakhala likudumpha. Poyendetsa, onani ngati mphuno ya galimoto iweramira kwambiri pogwira buleki, ngati ipendama mopitirira pa kona, kapena ngati ipitiriza kuvina mutadutsa bampu. Phokoso la gu-gu-gu pansi nthawi zambiri licokera ku mabushi a mphira amene atha, ndipo awa ndi ochipa kusintha. Njira ija yokankha galimoto ndi manja kuti muone kudumpha kwake imanama pa vaneti, pakuti masipiring'i ake ndi ouma kwambiri kwa dzanja la munthu. Makampani ena opanga ma shock alangiza kusintha pa makilomita 80,000, koma pa miseu yathu ya kumidzi musadikire nambala imeneyo musanayang'ane.

Tsono pofika pogula, coyamba tengani nambala ya cheseshi, caka ndi mtundu weniweni wa galimoto. Dzina lakuti Hilux lokha silikwanira. Hilux imene inatuluka mu 2005 inabwera ndi masipiring'i okulungika kutsogolo, kusiyana ndi zambiri za m'mbuyo mwake, motero ma shock ake ndi ena. Za magudumu awiri okoka ndi za magudumu anai nazonso kawirikawiri zisiyana. Ngati nkotheka nyamulani shock yakale mukailinganize ndi yatsopano: utali wake itatambasuka, utali itapanikizika, ndi mapangidwe a nsonga zake zomangira. Shock yaifupi imakokedwa mpaka kuduka gudumu likagwera m'dzenje. Yaitali imagunda pansi pake ndi kuonongeka mkati. Ngati munaonjezera citsulo pa masipiring'i ndipo galimoto inakwera, muuzeni wogulitsa, cifukwa utali wofunika wasintha. Safunsa anadya phula.

Caciwiri, dziwani mitundu yake. Pali ma shock a mapaipi awiri, ina mkati mwa inzake. Ena mwa awa ali ndi oilo cabe. Ndi ofewa ndiponso ochipa, koma pa mseu wautali wa timabampu oilo amatentha ndi kucita thovu, shock niileka kugwira mpaka itazizira. Ena ali ndi oilo pamodzi ndi mpweya wa nitrogen umene upanikiza oilo kuti asacite thovu msanga. Amenewa ndiwo ochedwa a gasi. Palinso a paipi imodzi, amene ali ndi gasi wamphamvu wolekanitsidwa ndi oilo. Awa amazizira msanga ndipo sataya mphamvu pa ulendo wautali, koma ndi odula, kawirikawiri ndi oumirapo, ndipo mwala ukatifula thupi lake pisitoni imakanika kuyenda bwino. Shock ya gasi imatambasuka yokha mukaimasula m'bokosi, ndipo izi ndizo zinamiza anthu kuti isenza katundu. Mphamvu imeneyo ndi yocepa kwambiri poyerekeza ndi kulemera kwa galimoto.

Maganizo anga ndi akuti kwa mlimi wamba, amene ayenda pang'ono pa tara ndi pang'ono pa dothi, lero ndi katundu mawa ndi anthu, ma shock a gasi a mapaipi awiri, a muyeso wofanana ndi amene galimoto inabwera nao, ndiwo oyenera. Maina odziwika monga KYB, Monroe ndi Gabriel amapanga otere. A paipi imodzi, monga ambiri a Bilstein, kapena a m'thengo monga Old Man Emu, asiyireni amene ayenda makilomita mazana pa dothi sabata iriyonse, kapena amene galimoto yao siitsitsa katundu, monga yomangidwa thanki ya madzi. Ngakhale iwowa ayenera kugula ma shock ogwirizana ndi masipiring'i ao.

Cacitatu, cenjerani ndi ma shock ogwirapo kale nchito ndi aja ongopakidwa penti. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Kutha kwa shock kuli mkati, ndipo maso sakuona. Kuikoka ndi manja pa msika sikukuuzani mmene idzagwirira itatentha. Maina odziwika nawonso ali ndi akuba ake amene amaika zonama m'mabokosi okongola. Onani ngati nambala ya pa bokosi ndi imene yadindidwa pa citsulo, funsani za galanti, ndipo musacoke popanda lisiti. Mtengo ukatsika modabwitsa, dabwani ndithu.

Cacinai, sinthani awiriawiri, onse akutsogolo kapena onse akumbuyo, a mtundu umodzi. Yatsopano kumanja ndi yakutha kumanzere zimayendetsa galimoto ngati ng'ombe yamphamvu yomangidwa pa joko imodzi ndi yodwala. Ikani mabushi atsopano. Muuzeni makanika kuti amalize kumanga mabauti a pa mabushi galimoto itatsitsidwa pa jeke ndipo yaima pa matayala ake, cifukwa akamangitsa iri m'mwamba mphira imapotoka ndi kung'ambika msanga. Asagwire ndodo yonyezimira ya shock ndi pulayala, pakuti cipsera cimodzi cimadula mphira yotseka oilo. Ma shock a gasi akale musawaponye pa moto kapena kupatsa ana kuti aseweretse, amaphulika.

Ndidziwa yankho la ambiri: ndalama kulibe, pali fataleza wogula ndi ana ofuna zakusukulu. Zoona, ndipo inenso ndikhala m'mudzi momwemo. Koma werengani bwino. Shock yakutha imadya matayala, imathyola zitsulo za masipiring'i, imamasula mabauti ndi kuswa mazira ndi tomato musanafike pa msika. Ngati simungathe kugula anai pamodzi, yambani ndi awiri amene atha kwambiri, enawo mwezi wotsatira. Inu a makopaletivu ndi a makomiti a parishi amene musunga galimoto ya gulu, ikani ma shock pa bajeti ya caka monga muikira matayala ndi inshuwalansi, musadikire kusonkhetsa anthu galimoto itagona kale.

Palinso cinthu cina cosafuna ndalama. Ambiri amapopa matayala kwambiri pa tsiku la masaka, naiwala kucepetsa mpweya katundu atatsika. Tayala louma limagunditsa galimoto ngakhale ma shock ali atsopano. Pa mphuthu ya citseko ca dalaivala kapena m'buku la galimoto muli miyeso ya mpweya, wa galimoto yodzaza ndi wa yopanda katundu. Itsateni musananene kuti ma shock ndi oipa. Wodwala mugonekeni pafupi ndi kabini, pakati pa magudumu akutsogolo ndi akumbuyo, pamene kugunda kucepa, osati kumapeto kwa bodi. Ndipo cepetsani liwiro, pakuti palibe shock imene ingakonze mseu.

Kwa mkulu uja wa masaka 30, ngati nyuzipepalayi yakupezani, ndipepesa kuti sindinalankhule tsiku lija. Pangani maulendo awiri, dizilo wake ndi wochipa kuposa masipiring'i ndi matayala. Ndipo inu nonse eni mavaneti, musanapite ku sitolo ya masipeya, pemphani wina ayendetse, inu mukhale kumbuyo pa bodi kucokera kumudzi kwanu kukafika pa tara. Mukatsika mudzadziwa ma shock amene muyenera kugula.