Kuwala, Mphepo ndi Mvula ya kwa Simlemba

Mwezi wa Novembala ukafika, mlimi wa fodya wa kwa Simlemba, kumpoto kwa boma la Kasungu, sagona tulo tokwanira. Mbande zimene anafesa pa nazale zimakhala zitakula, mizere ili chikonzere, feteleza wa ngongole ali m'nyumba. Chotsala ndi funso limodzi lokha: kodi mvula imene yagwa usiku wapitawu ndiyo yodzalira, kapena ndi yonyenga imene m'mbuyo mwake mukudza ng'amba ya milungu itatu? Akaoka msanga, dzuwa n'kubwereranso, mbande zimapserera ndipo zopakizira sizipezeka. Akazengereza, mbandezo zimakalambira pa nazale, ndipo tsamba lake silidzalemera pa sikelo ku msika wa Chinkhoma. Sukulu ya ana, ngongole ya ku kalabu ndi chimanga cha m'nkhokwe, zonsezi zimadalira yankho la funso limeneli.

Makolo anali nazo njira zawo zoyankhira. Ankayang'ana kuphukira kwa mitengo, kutentha kwa usiku ndi kumene mphepo ikuchokera, ndipo mpaka lero alipo akuluakulu amene nzeru zimenezi amazidziwa bwino. Koma masiku ano mlimi amatcheranso khutu ku wailesi kuti amve zimene yalosera nthambi ya boma yoona za nyengo, imene likulu lake lili ku Blantyre. Ndi owerengeka amene amadziwa kuti kuseri kwa mawu ochepa a pa wailesiwo kuli ntchito ya zaka zoposa 100 ya akatswiri a fizikisi, makamaka pa zinthu zitatu: masamu a mlengalenga, kuwala kwa laser, ndi ulusi wa galasi umene kuwalako kumayendamo.

Kuwerengera mlengalenga

Mpweya umene wakuta dziko lapansi umamvera malamulo omwewo amene ophunzira a ku sekondale amakumana nawo m'kalasi. Mpweya wotentha umakwera, ukakwera umazizira, ukazizira chinyontho chake chimasanduka madontho. Mphepo imachoka kumene mpweya ndi wolemera kunka kumene ndi wopepuka, ndipo kuzungulira kwa dziko kumaikhotetsa njira. Tsono akatswiri amagawa mlengalenga monse m'timabokosi tongoyerekeza, tosanjikizana monga njerwa pa uvuni. M'kabokosi kalikonse amalembamo kutentha, chinyontho, kulemera kwa mpweya ndi liwiro la mphepo, kenaka amawerengera mmene zinthuzi zisinthire pakapita mphindi zochepa. Akabwereza kuwerengerako kambirimbiri amafika pa nyengo ya mawa ndi ya mkuja.

Woyamba kuyesa njira imeneyi anali Mngelezi wina, Lewis Fry Richardson, amene anasindikiza buku lake m'chaka cha 1922. Iye anawerengera pamanja, ndipo kulosera kwa maola 6 okha kunamutengera milungu ingapo, yankho lake n'kukhalanso lolakwika. Anayerekeza kuti pangafunike anthu 64,000 owerengera nthawi imodzi kuti apikisane ndi liwiro la nyengo. Maloto ake anayamba kukwaniritsidwa m'chaka cha 1950 pamene kompyuta yotchedwa ENIAC ku America inalosera nyengo ya tsiku limodzi, ngakhale kuti ntchitoyo inadya pafupifupi tsiku lathunthu. Lero makompyuta a bungwe la maiko a ku Ulaya la ECMWF amagawa dziko lonse m'timabokosi ta makilomita pafupifupi 9 m'lifupi, ndipo amalosera masiku oposa 10 m'kanthawi kochepa.

Masamu omwewa amagwiranso ntchito pa mapulaneti ena, ndipo kumeneko ndiko kuli phunziro loopsa. Nthanda, nyenyezi yowala ija ya m'bandakucha, ndi pulaneti ya Venus. Pa magawo 100 alionse a mpweya wake, magawo 96 ndi carbon dioxide, mpweya umene umatuluka nkhuni, malasha kapena mafuta zikamayaka. Mpweya umenewu umasunga kutentha monga bulangete, kotero kuti pa nthaka ya Venus pamatentha madigiri oposa 460, moti ngakhale mtovu ungasungunuke. M'chaka cha 1967 Syukuro Manabe ndi mnzake Richard Wetherald anawerengera kuti mpweya umenewu utachuluka kawiri pa dziko lathu lino, kutentha kungakwere ndi madigiri pafupifupi 2. Manabe analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2021 chifukwa cha ntchito imeneyi. Mafakitale asanayambe, mpweyawu unali magawo 280 pa miliyoni. Tsopano wapitirira 420.

Komabe masamuwa ali ndi malire ake. M'chaka cha 1963 Edward Lorenz anasonyeza kuti kulakwitsa pang'ono chabe pa miyeso yoyambira kumanka kukulirakulira, mpaka pakatha milungu iwiri palibe angatchule za tsiku ndi tsiku molondola. N'chifukwa chake kulosera kwa nyengo yonse ya mvula sikutchula tsiku. Kumangonena za mwayi, potsamira makamaka kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific. Madziwo akatentha kuposa nthawi zonse, chimene chimatchedwa El Niño, kum'mwera kwa Africa kumakonda kuuma, monga zinachitikira m'nyengo za 2015/16 ndi 2023/24. Bungwe loona za nyengo pa dziko lonse linalengeza za El Niño mu Julayi 2023, miyezi ingapo mvula isanayambe, ndipo pa 23 Malichi 2024 boma la Malawi linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chovuta n'chakuti El Niño yemweyo amakonda kuonjezera mvula kum'mawa kwa Africa, nthawi zina mpaka kumpoto kwa Malawi. Dera la Simlemba lili kufupi ndi malire a chigawo cha Pakati ndi cha Kumpoto, choncho kulosera kwa malo otere kumafuna miyeso ya pomwepo.

Kuwala koyeza mphepo

Dzina lakuti laser limamveka ngati Leza wa mu uta wa Leza, koma mawu awiriwa si apachibale. Nyali wamba imamwaza kuwala kwa mitundu yambiri kumbali zonse, monga gulu la anthu obalalika pa msika. Laser imatulutsa kuwala kwa mtundu umodzi, kolunjika kumodzi, mafunde ake akuyendera limodzi monga asilikali pa perete. Yoyamba inapangidwa ndi Theodore Maiman ku California mu Meyi 1960, ndipo poyamba ambiri sanaone ntchito yake.

Lero laser ndi mlingo wa mlengalenga. Kuwala kwake kukaponyedwa mu mpweya, kwina kumagunda fumbi, madontho kapena tizigawo ta mpweyawo n'kubwerera. Nthawi imene kwatenga pobwerera imasonyeza mtunda, ndipo kusintha pang'ono kwa mtundu wake kumasonyeza liwiro la mphepo, monga mmene kulira kwa galimoto kumasinthira ikamayandikira ndi pamene yadutsa. Kuyambira mu Ogasiti 2018 mpaka m'chaka cha 2023, setilaiti ya a ku Ulaya yotchedwa Aeolus inkayeza mphepo mwa njira imeneyi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 320. Phindu lake lalikulu linaoneka m'maiko otentha monga kuno, kumene malo oyezera mphepo ya kumwamba ndi ochepa. Mvula ya ku Kasungu imabwera ndi kukumana kwa mphepo zosiyanasiyana ndiponso mpweya wachinyontho wochokera ku Congo. Woyeza bwino mphepozo ndiye angalosere bwino mvulayo.

Ulusi wa galasi

Kulosera kuli chabe ngati uthenga wake sufika msanga. Apa ndi pamene pakubwerera ulusi wa galasi, umene ambiri amangoti faiba. Kuwala kukamayenda m'galasi kapena m'madzi n'kugunda malire ake mopendekera kwambiri, sikutuluka. Kumabwerera m'kati konse. Mphunzitsi angasonyeze zimenezi ndi botolo la madzi loboola m'mbali ndi tochi m'chipinda cha mdima: kuwala kumatsata mtsinje wa madzi otulukawo ngakhale pamene wakhota. Ulusi wa faiba ndi woonda ngati tsitsi, ndipo pakati pake pali mtima wa galasi umene umagwira kuwala mwa njira yomweyi. Laser imathwanima kumapeto kumodzi kambirimbiri pa sekondi, ndipo kuthwanimako kumathamanga makilomita 200,000 pa sekondi kukafika kumapeto enawo monga mawu, zithunzi kapena manambala.

M'chaka cha 1966 Charles Kao ndi George Hockham ku England anasonyeza kuti chozimitsa kuwala m'galasi ndi zitsotso za m'galasimo, ndi kuti galasi loyera bwino lingatenge uthenga mtunda wautali. Kampani ya Corning inapanga ulusi wotere m'chaka cha 1970, ndipo Kao analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2009. Chaka chomwecho nthambo ya pansi pa nyanja ya SEACOM inafika ku gombe la kum'mawa kwa Africa, ndipo ya EASSy inatsatira m'chaka cha 2010. Popeza Malawi alibe gombe, amalumikizidwa ku nthambozi kudzera m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique. M'chaka cha 2018 boma linatsegulira nthambo yake ya faiba yotalika makilomita oposa 1,000, yoyendetsedwa ndi ESCOM. Kudalira ena kumeneku kunaonekera poyera pa 12 Meyi 2024, pamene nthambo ziwiri za pansi pa nyanja zija zinaduka, intaneti n'kufooka m'Malawi ndi m'maiko ena a kum'mawa kwa Africa.

Chimene chikusoweka

Woona zonsezi angaganize kuti funso la mlimi wa kwa Simlemba layankhidwa kale. Koma pali mipata itatu imene makina a kunja sangaitseke.

Mpata woyamba ndi wa miyeso. Kabokosi ka makilomita 9 n'kakakulu poyerekeza ndi mtambo wa mvula ya mabingu, umene umakhuthula madzi m'mudzi umodzi, mudzi wa kutsidya kwa dambo uli gwa. Popanda miyeso yochuluka ya pansi, ya zaka zambiri, palibe angadziwe pamene kompyuta ikulondola ndi pamene ikuphonya. Chonsecho kuyeza mvula sikulira ndalama zambiri. Chitini choongoka m'mbali, choikidwa poyera, ndi rula n'zokwanira poyambira. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Sukulu iliyonse ya kwa Simlemba itamalemba mvula m'mawa uliwonse, pakutha pa zaka 10 deralo lingakhale ndi mbiri yakeyake ya mvula yodzalira ndi ya ng'amba.

Mpata wachiwiri ndi wa kumasulira. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi oposa 80 pa 100 alionse amakhala kumidzi, ndipo faiba imathera m'matauni ndi pa nsanja za mafoni. Ngakhale uthenga ufike, mawu akuti mwayi amasocheretsa ambiri. Akati mwayi wa mvula yochepa ndi 60 pa 100, ndiye kuti pa zaka 10 zotere, zaka 4 mvula idzagwa bwino, ndipo wolosera sananame. Mlimi womvetsa zimenezi sasiya kulima. Amagawa munda, kwina fodya, kwina chimanga chocha msanga, mtedza kapena soya. Komanso chenjezo lomveka silikwanira lokha. Namondwe wa Freddy anatsatidwa ndi masetilaiti kwa milungu yoposa inayi, koma atafika kum'mwera kwa Malawi mu Malichi 2023 anapha anthu oposa 600. Ntchito yomasulira ndi kukonzekeretsa anthu ili m'manja mwa aphunzitsi, alangizi ndi achinyamata amene anapitako ku sukulu.

Mpata wachitatu ndi wa anthu. Dziko longolandira kulosera kwa eni silingathe kukonza pamene kwalakwika. Sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Thyolo, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2014, imaphunzitsa za nyengo, ndipo Yunivesite ya Malawi ku Zomba ili ndi nthambi ya fizikisi. Koma khomo lolowera kumeneko ndi masamu ndi fizikisi ya pa MSCE, maphunziro amene ana ambiri a m'sukulu zoyendera amawathawa chifukwa chosowa zipangizo ndi owalimbikitsa. Boma lomweli la Kasungu lili ndi mboni yakuti nzeruzo zilipo. William Kamkwamba wa kwa Wimbe analekeza sukulu chifukwa chosowa fizi m'nyengo ya njala ya 2001/02, koma anawerenga mabuku a sayansi m'kalaibulale kakang'ono ka kwawo, napanga makina a mphepo opatsa magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Dziko limene likufuna kulosera kodalirika liyenera kuvomeranso ntchito yake yotopetsa: kuyeza tsiku ndi tsiku, kulemba mosadumphitsa, ndi kuphunzitsa masamu moleza mtima. Mphunzitsi amene adzaimika chitini pa bwalo la sukulu Novembala asanafike, napatsa ana awiri rula ndi kope, adzakhala atayamba ntchito imene mlimi wa kwa Simlemba wakhala akuiyembekezera.