Chisoti ndi korona sizilipira ngongole

Abale anga a pa doko, Asilamu ndi Akhristu nonse, werengani mpaka pansi musanayambe kunditukwana.

Kwabwera kamchitidwe kena m'madoko muno, kuyambira ku Makawa mpaka ku Msaka. Mwini boti akamalemba alovi, funso loyamba ndi lakuti "umapemphera kuti?" Uyu akuti Msilamu ndiye wokhulupirika poti samwa. Uyo akuti wobadwanso mwatsopano sangabe petulo. Ine ndikuti BODZA, ndipo bodzali likutidyera ndalama.

Ntchito yanga ndi yokonza mainjini, ndipo ndili ndi kope la angongole. M'kopemo muli anthu a mzere woyamba pa swala ya Lachisanu, mulinso akulu a mpingo oyenda ndi Baibulo kukhwapa. Olipira bwino nawonso ali mbali zonse. Pali bambo wina sadziwa khomo la mzikiti kapena la tchalitchi, koma akati "Lolemba" ndi Lolembadi.

Sindikunyoza pemphero, ayi. Ndaona anyamata atasiya kachasu chifukwa cha abusa, ndaona mwezi wa Ramadhani ukuphunzitsa anthu kugawana futali ndi amene alibe. Koma yang'anitsitsani munthu wamkulu amene walowa chipembedzo ali ndi ndevu kale. Woleza mtima amaleza mtima koposa. Waukali ukali wake sutha, kungoti tsopano akukalipa ndi mavesi. Waumbombo amapeza chifukwa choyera chomanira anzake. Zili ngati injini: boti lothontha mukalimangirira Yamaha ya 40 silisiya kuthontha, limangokamirira kutali.

Tikayang'ane ku Malombe. Chambo chinathamo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mpaka mu 1993 boma linayambitsa makomiti a pa doko, ma BVC aja. Anachimaliza ndi ndani, akunja? Ndi ife tomwe, opemphera. Lero nyanja ikatsekedwa mu Novembala, amene amazemba usiku ndi khoka losokerera neti ya udzudzu, yokokolola ndi tiana tomwe, ena boti lawo lalembedwa Mashallah, ena Yesu ndi Yankho. Koma ku chilumba cha Mbenji ku Salima, a Makanjira akatseka, kwatsekedwa. Mowa saloleza, juga saloleza, ndipo ophwanya amathamangitsidwa. Asodzi ake ndi a zipembedzo zomwezi. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kuli maso, ndipo chilango sichidikira tsiku lachiweruzo.

Chondiwawa kwambiri ndi uku kuweruzana ndi zovala. Mukukumbuka za ku M'manga ku Balaka mu 2019, anthu akuluakulu kugendana chifukwa cha hijabu ya ana asukulu, mpaka a PAC kulowererapo n'kusainitsa mgwirizano mu 2021? Ogenda aja onse anali opemphera, ndipo ambiri amene anakhala phee m'nyumba zawo analinso opemphera. Ndiye musandiuze zoti nsomba ikaola imodzi zonse zaola.

Eni maboti, ngati mukufuna mlovi wabwino, kafunseni pa doko limene anachokera. Petulo wotsala ankabweza? Oyilo ankathira muyezo wake, kapena ankagulitsako theka n'kupha injini ya abwana? Mwera ukawomba amakhala wotani, amakupa madzi kapena amangolalata? Mkazi wake amaseka akamamva kuti akubwera?

Inu a m'kope langa, a chisoti ndi a korona, mwezi wada ndipo usipa ukufa. Ndikudikira pa shedi.