Kuchotsa bere si njira yokhayo, koma nthawi ndiyo imasankha

Mayi wa ku Malomo kapena ku Mvera akamva kachotupa m'bere, woyamba kufunsidwa masiku ano si namwino ayi. Ndi mwana wawo amene ali ndi foni. "Tafufuza pa intaneti, akandidula?" Ndiye ndikulembera inu, chifukwa yankho lanu likhoza kuwakweza minibasi ya ku Lilongwe kapena kuwabweza kukagona ndi mantha miyezi isanu ndi umodzi.

Zomwe mumaona pa TikTok ndi pa Facebook si bodza. Kale, m'zaka za m'ma 1890, dokotala wa ku America William Halsted ankachotsa bere pamodzi ndi minofu ya pachifuwa, mayi n'kutsala ndi dzenje. Lero sizitero. Chotupa chikakhala chaching'ono, amatha kuchotsa chokhacho, bere n'kutsala. Akafunika kuchotsa lonse, nthawi zina amasunga khungu, mwinanso nsonga yake. Angelina Jolie anachotsetsa mawere onse awiri mu 2013 asanadwale n'komwe, atapezeka ndi chibadwa chotchedwa BRCA1, ndipo anamuumbira ena.

Kuumba bere latsopano kuli pawiri. Kwina amaika kathumba ka silikoni pansi pa khungu. Kwina amatenga nyama ya mayiyo, ya kumsana kapena ya pamimba, n'kuisamutsira pachifuwa. Apa ndiye ndimafuna tiziganiza ngati anthu a ku Dowa ndi ku Ntchisi, osati a ku London. Mnofu wa kumsana ndi womwe umakoka khasu m'munda wa fodya ndi soya. Wa pamimba ndi womwe umalimba mayi akasenza ndowa kukwera chitunda. Funso loti "ndidzalimanso?" si lopusa, ndipo dokotala ayenera kulimva. Komanso bere loumbidwa siliyamwitsa, ndipo nthawi zambiri silimva kukhudzidwa ngati lakale. Madokotala a ntchito imeneyi ndi ochepa m'dziko muno, choncho ambiri amakachitira ku South Africa kapena ku India, ndi ndalama zoti mlimi wa mtedza sangazione.

Koma ine chomwe chimandiwawa si kusowa kwa silikoni. Amayi ambiri amafika ku Kamuzu Central khansa itakula kale, bere litachita chilonda, m'khwapa mutatupa mwanabere. Pamenepo zosankha zija zimakhala zitatha. Amachedwa poopa mpeni, ndipo kuchedwako ndi kumene kumachititsa kuti bere lonse lichoke. Ena amayamba apita kwa asing'anga, ena amaopa kuti bambo kunyumba atenga wina. Mantha amenewo ndi enieni, tisawaseke.

Pali chomwe chasintha. Kuchotsa chotupa chokha kumafuna kuti pambuyo pake malowo awotchedwe ndi makina, ndipo kwa zaka zambiri makinawo kunalibe kuno. Odwala ankatumizidwa kunja. Mu 2024 chithandizochi chinayamba kupezeka ku Blantyre, ndipo ku Lilongwe kuli National Cancer Centre pafupi ndi Kamuzu Central. Kuchokera ku Mponela ndi ulendo wa mmawa umodzi pa M1. Poyambira ndi pachipatala cha m'dera kapena cha boma, ku Dowa kapena ku Ntchisi, komwe amayeza n'kulemba kalata yopita nayo ku Lilongwe. Zotupa zambiri za m'mawere si khansa, koma zimenezo amadziwa ndi amene wayeza kachidutswa ka chotupacho, osati gulu la WhatsApp.

Bere likachoka ndithu, moyo sunathe. Kuumba lina kumatheka ngakhale patapita zaka, palibe chothamangira. Amayi ena safuna n'komwe, amangoika bere lovala mu bra, la silikoni kapena loluka ndi ulusi, ndipo pa chitenje ndi bulauzi palibe amadziwa. Chofunika kuyang'anira ndi mkono wa mbali yochitidwa opaleshoniyo, chifukwa umatha kutupa ngati anachotsanso za m'khwapa. Masabata oyamba musawalole amayi kusinja kapena kusenza nkhuni, ngakhale akakamire bwanji. Achimwene, mtondo ndi chitsime zikhale zanu kaye.