PHIRI LIRIBE NYALI: NGOZI ZA NDEGE ZAZING'ONO USIKU

Anthu ambiri akamva kuti ndege yaomba phiri amafulumira kunena kuti kunali mvula, kapena kuti injini inafa. Koma zimene apeza ofufuza ngozi zionetsa kuti kawirikawiri ndege imakhala yabwinobwino, kumwamba kuli mbee, ndipo woyendetsa ali munthu wodziwa nchito yache. Chimene chimapha ndicho mdima.

Taonani zimene zinachitika ku Arizona, m'dziko la America, pa 23 November 2011. Ndege ya injini ziwiri, ya mtundu wa Rockwell Commander 690A, inanyamuka madzulo pa bwalo la Falcon Field kupita ku Safford, itanyamula anthu asanu ndi mmodzi, atatu mwa iwo ana. Kunalibe mtambo, komanso kunalibe mwezi. Woyendetsa anali atapitamo kale m'njira imeneyo, koma usiku umenewo a pa bwalo anamuuza kuti ayambe walunjika kutsogolo kuti apatse mpata ndege ina imene inalinkudza. Pamene anakhota kuloza ku Safford, mzere wache unali utasuntha. Iye anakhalabe pa mafiti 4,500, ndipo patangopita mphindi zowerengeka anaomba mapiri a Superstition. Palibe anapulumuka.

Bungwe la National Transportation Safety Board linapeza kuti woyendetsayo sanasunge njira ndi msinkhu zoyenera usiku wopanda mwezi. Linapezanso kuti m'ndegemo munalibe chipangizo chochenjeza za phiri liri patsogolo.

Kodi munthu wa maso awiri alephera bwanji kuona phiri lonse? Usiku woyendetsa amaona nyali za m'mizinda ndi m'miseu. Phiri liribe nyali. Limaoneka ngati malo akuda chabe, osasiyana ndi thambo. Ndege yoyenda mamailosi 180 pa ora imatha mamailosi atatu pa mphindi imodzi, kotero kuti pamene thanthwe lionekera nthawi yokhota yatha kale.

Ndipo phiri limodzi likhoza kupha kawiri. Pa 16 March 1991 ndege imene inanyamula oimba a Reba McEntire inanyamuka usiku pa bwalo la Brown Field ku San Diego niomba phiri la Otay, ndipo anthu khumi anafa. M'chaka cha 2004 ndege ya Learjet, yochokera pa bwalo lomwelo usikunso, inaomba phiri lomwelo, nafa anthu asanu. Oyendetsa ndege ziwirizo ananyamuka podalira maso ao.

Mankhwala a bvutoli ngodziwika. Msinkhu wa ulendo uyenera kusankhidwa ndege ikali pansi, mapu ali pa tebulo. Ku America lamulo la ndege zoyenda ndi zipangizo likuti m'dera la mapiri ndege ikhale mafiti 2,000 pamwamba pa nsonga yaitali koposa ya pafupi ndi njira yache. Woyendetsa wanzeru atsata muyeso umenewu usiku uliwonse, ngakhale lamulo lisamkakamize.

Ife kuno sitiri kutali ndi nkhaniyi. Bwalo la Chileka liri pafupi ndi phiri la Michiru, ndipo nsonga ya Sapitwa pa Mulanje ipitirira mamita 3,000. Sitinaiwalenso za pa 10 June 2024, pamene ndege ya asilikali inagwa ku Chikangawa ndi kupha anthu asanu ndi anai, pamodzi ndi Wachiwiri kwa Pulezidenti, Dr Saulos Chilima. Imeneyo inali ngozi ya masana, m'nkhungu. Koma nkhungu ndi mdima zichita chinthu chimodzi, ndicho kubisa phiri.

Tsono mau athu apite kwa inu a nchito za Boma amene nthawi zina mukwera ndege zazing'ono. Msonkhano ukatha mochedwa, ndipo woyendetsa akati tigone tinyamuke m'mawa, musamuumirize. Munthu amene aopa bwana wache amanyamuka ngakhale mtima wache ulikukana. Kugona usiku umodzi pa nyumba ya alendo kuononga ndalama pang'ono ndithu, koma mudzafika kwanu.