Zofufuza zisamathere m'kamwa mwa chiswe

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za anthu ochita kafukufuku amene amafika m'midzi mwathu, kale ndi mabuku, makono ndi timakompyuta tam'manja. Amatifunsa kuti tili ndi ana angati, tinakolola matumba angati, ena amatenga ndi magazi omwe. Ife timayankha mwaulemu. Koma akakwera galimoto, zimene alembazo zimakasungidwa kuti, ndipo adzazipeza ndani pakapita zaka 30?

Taonani za ku Chilumba, m'boma la Karonga. Kafukufuku wa matenda a khate anayamba kumeneko mu 1979. Ankayenda khomo ndi khomo kulemba anthu, ndipo magazi a ena ankawadontheza pa timapepala n'kuumitsa. Sanataye. Patapita zaka, Edzi itavuta, anatulutsa timapepala tija nayezanso, napeza kuti kachilombo kanalipo kale ku Karonga mu 1982, chonsecho wodwala woyamba m'dziko muno anadziwika mu 1985. Amene ankatenga magaziwo sankafuna za Edzi ayi, ankafuna za khate. Chinathandiza n'chakuti kapepala kalikonse kankadziwika mwini wake, mudzi ndi chaka. Popanda zimenezo tikanakhala tizinyalala chabe. Kaundula yemweyo anaonetsanso kuti katemera wa BCG, uja wosiya chipsera pamkono, amateteza ku khate.

Nanga ofufuza ena onsewa amasunga chonchi? Ndikukayika. Mu 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zoyamba za atsamunda anapsa. Lero moto wake ndi wina. Kompyuta imafa, ina imabedwa, thandizo la ndalama likatha ofesi imatsekedwa, ndipo ma disiki a m'ma 1990 makina owawerenga akusowa.

Pempho langa kwa boma n'lakuti wofufuza asamalandire chilolezo asananene kumene adzasunge zolemba zake ndi amene adzazisamale. Zikhale malo awiri, ndipo amodzi akhale kuno kwathu, monga ku National Archives ku Zomba, osati kunja kokha. Wobwereka aziona manambala, maina athu abisidwe, pakuti matenda a munthu si a pa msika.

Inunso abusa ndi ansembe, mabuku a ubatizo ndi a maliro aja ofufuza amawafuna. Ngati ali pansi m'chipinda chodontha, chonde akwezeni, ndipo mupeze mnyamata wa dzanja labwino akopere.

Wokhudzidwa,
Karonga.