Chilankhulo cha makina osunga miyoyo m'migodi ya Rustenburg

Pansi pa nthaka ya ku Rustenburg, m'dziko la South Africa, pali mwala wa pulatinamu wa Merensky Reef, umene unatulukiridwa mu 1924. Anthu amene amakumba mwalawu, kuphatikizapo ochokera m'maiko oyandikana, amadalira makina pa chilichonse: chikepe chowatsitsa ndi kuwakweza, makina opemerera mpweya, ndi mapampu ochotsa madzi. Pa 27 Novembala 2023, chikepe cha mgodi wa 11 Shaft wa kampani ya Impala Platinum chinatsika mwaliwiro mosayembekezereka, ndipo anthu 13 anataya miyoyo. Ngoziyi inakumbutsa dziko lonse kuti moyo wa munthu wa mumgodi uli m'manja mwa makina.

Ambiri mwa makina oterewa amalamulidwa ndi kakompyuta kotchedwa PLC, kamene kanayamba kupangidwa ku America cha m'ma 1968. Kakompyutaka sikalembera makalata. Ntchito yake ndi kumva zimene zipangizo zoyezera zikunena, kenako kuyatsa kapena kuzimitsa makina, kambirimbiri pa sekondi iliyonse.

Malangizo ake amalembedwa m'zilankhulo zopangidwira ntchito imeneyi yokha, zimene mu 1993 zinaikidwa mu muyezo wa IEC 61131-3. Chodziwika kwambiri ndi Ladder Diagram. Pochiona chimafanana ndi makwerero, ndipo chinatengera zojambula zimene amisiri a magetsi ankazidziwa kale. Mzere uliwonse ndi lamulo limodzi: chitseko chikakhala chotsekula, chikepe chisayende, madzi akafika pamlingo wakuti, pampu iyake. Ubwino wake ndi wakuti mmisiri amene amakhala ndi makinawo tsiku ndi tsiku amatha kuwerenga lamulolo ndi kuona pamene palakwika.

Komabe kulemba kokha sikukwanira. Malangizowo asanaikidwe pamakina enieni, akatswiri amayamba awayesa pakompyuta imene imayerekezera mgodi. Amadula waya mwadala, amazimitsa magetsi, amanamiza chipangizo choyezera, kuti aone ngati makinawo aima bwinobwino. Cholakwika chopezeka pamenepa chimangotayitsa nthawi, pomwe chopezeka pansi pa nthaka chimasiya ana amasiye. Paja madzi akatayika saoleka.

Phunziroli likukhudzanso alimi. Mapampu ambiri oyendera mphamvu ya dzuwa m'masikimu a ulimi wothirira ali ndi kabokosi kamene kamazimitsa pampu madzi akachepa m'chitsime, kuti isapse. Choncho komiti ya sikimu isalandire pampu yatsopano pongoona kuti madzi akutuluka. Ipemphe woikayo kuti afotokoze m'chilankhulo cha eni ake malamulo amene kabokosiko kamatsatira, awalembe papepala, ndipo aonetse pamaso pa anthu zimene zimachitika madzi akaphwa kapena thanki ikadzaza. Ndipo pampu ikamazima yokha, pasapezeke wolumikiza mawaya molambalala kabokosiko. Kabokosiko kakhala kakuchenjeza kuti pali vuto lofunika mmisiri.